Dzanja la Buddha lokhudza pansi lija

Mayi wina wandilembera imelo atangobwera kuchokera ku Thailand. Akuti m'makachisi ambiri amene analowa, chiboliboli cha Buddha chinali chitakhala pansi, dzanja lamanja litagwera pabondo, zala zikuloza kunthaka. Akufunsa ngati osema amangotengerana kapena pali tanthauzo.

Tanthauzo lilipo ndithu, mayi. Kaikidwe ka manja kotere amakatcha mudra, mawu a Chisanskrit otanthauza chidindo kapena chizindikiro. Nkhope za Buddha zimangofanana, maso otsinzina pang'ono, makutu aatali. Manja ndi amene amakuuzani nthawi ya moyo wake imene wosema akufotokoza.

Kamene munaonako ndi bhumisparsha, kukhudza nthaka. Abuda amasimba kuti Siddhartha Gautama, amene anadzakhala Buddha, atakhala pansi pa mtengo ku Bodh Gaya, m'chigawo cha Bihar ku India, kunabwera Mara, mzimu woipa woyesa anthu, ndi chikhamu cha asilikali ake. Anamuuza kuti achoke pamalopo, n'kumufunsa kuti mboni yake ndani. Mara mboni anali nazo zambirimbiri, Gautama anali yekhayekha. Sanakangane naye ayi. Anangotsitsa dzanja n'kukhudza dothi, dziko n'kugwedezeka kumuchitira umboni. Mukayang'anenso zithunzi zanu, mupeza dzanja lamanzere lili pamiyendo, chikhatho chikuyang'ana kumwamba, ngati palibe chachitika. Ineyo pa mudra onse, ameneyu ndiye amandigwira mtima.

Pali wina amene alendo amamuyesa moni: dzanja lamanja lokwezedwa, chikhatho chikuloza kwa inu. Ameneyo ndi abhaya, kutanthauza kuti musaope. Ahindu nawonso amamugwiritsa ntchito. Pa ziboliboli zamkuwa za mulungu wawo Shiva akuvina, wotchedwa Nataraja, zimene zinatchuka m'nthawi ya mafumu a Chola kum'mwera kwa India, dzanja lina lanyamula kang'oma ka chilengedwe, lina moto wowononga zonse, koma lachitatu likuti musaope. Lachinayi likuloza phazi lokwezedwa, pothawira wopembedza. Boma la India linapereka chiboliboli chotere ku CERN, malo ofufuzirako za sayansi kufupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland, mu 2004.

Mukadzafika ku Japan, kaoneni Buddha wamkulu wamkuwa wa ku Kamakura, yemwe anayamba kupangidwa mu 1252. Uyo ndi Buddha wina wotchedwa Amida, si Gautama, ndipo manja onse awiri ali pamiyendo, akusinkhasinkha. Pansi sakhudza.