Funsani Tiyankhe: Kodi Bondo Lochita Kupanga Limapeza Bwanji Patenti?

Akonzi, ine ndikuphunzira za uinjiniya wa zipangizo za kuchipatala, ndipo ndaona zithunzi za mabondo ambiri ochita kupanga omwe madokotala amaika m'thupi la munthu. Kwa ine onse akuoneka ofanana, koma ndikumva kuti makampani akupemphabe patenti chaka ndi chaka. Kodi wounika pempho loterolo amapezamo chiyani chatsopano?

Mwaona bwino, ndipo kufanana kumene mukunenako n'kumene kumachititsa kuti ntchito ya wounika ikhale yovuta. Pafupifupi bondo lililonse lochita kupanga lili ndi zigawo zomwezomwezo: chitsulo chokhota chovekedwa kumapeto kwa fupa la ntchafu, chomwe kawirikawiri chimakhala cha cobalt wosakaniza ndi chromium, kathireyi kachitsulo kokhazikidwa pamwamba pa fupa la msongolo, ndi pulasitiki yolimba ya polyethylene yomwe imakhala pakati pa ziwirizo m'malo mwa chichereŵechereŵe chimene nyamakazi inadya. Nthawi zina amamatanso kapulasitiki kena kuseri kwa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo. Palibe munthu amene lero angapatsidwe patenti pa dongosolo limeneli, chifukwa linadziwika kalekale.

Patenti ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa wotulukira chinthu, choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake, ndipo m'maiko ambiri chimagwira ntchito kwa zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho. Posinthana ndi ufulu umenewu, wopemphayo amaulula luso lake lonse, ndipo pempho lake limasindikizidwa pakatha miyezi 18 kuti aliyense aliwerenge. Wounika salandira bondo lenilenilo m'manja. Chimene amalandira ndi chikalata chofotokoza kapangidwe kake, zojambula, ndi ziganizo za kumapeto zotchedwa ma claims, zomwe zimadula malire a chimene wopemphayo akuti n'chake. Mkangano wonse umakhala pa ziganizo zimenezi, liwu ndi liwu.

Choyamba wounika amafufuza zonse zimene zinadziwika tsiku la pempho lisanafike. Patenti za padziko lonse zinasanjidwa m'magulu, ndipo zolumikizira mafupa za bondo ndi za chigongono zili m'gulu la A61F 2/38. Koma kufufuzako sikuthera pa patenti zokha, chifukwa nkhani ya m'magazini ya madokotala, kabuku kotsatsa malonda ka kampani, ngakhale zimene munthu anakamba pamsonkhano wa akatswiri, zonsezo zimawerengedwa ngati zodziwika kale.

Ndipo zodziwika kale pankhani ya bondo n'zambiri. Mu 1890 dokotala wa ku Berlin, Themistocles Gluck, anaika m'thupi la munthu bondo la mnyanga wa njovu lopindika ngati hinjesi ya chitseko, koma linalephera makamaka chifukwa cha matenda olowa pabala. M'zaka za m'ma 1950 Börje Walldius wa ku Sweden anapanganso bondo la hinjesi, ndipo mabondo a mtundu umenewu anaphunzitsa akatswiri chinthu chofunika kwambiri: bondo la munthu silingopindika n'kuwongoka, koma limapotokanso pang'ono, ndipo fupa la ntchafu limagudubuzika n'kutsetsereka pamwamba pa fupa la msongolo. Hinjesi ikakana mayendedwe amenewa, mphamvu yonse imapita pamene chitsulo chagwirana ndi fupa, ndipo chitsulocho chimayamba kugwedera. Mu 1974, pachipatala cha Hospital for Special Surgery ku New York, John Insall, Chitranjan Ranawat ndi Peter Walker anatulutsa bondo lotchedwa Total Condylar, lomwe mabondo ambiri a lero amatsatira maonekedwe ake. Mu 1978 Insall ndi Albert Burstein anawonjezera kamzati pa pulasitiki ija, komwe kamakumana ndi kampingasa ka pachitsulo cha ntchafu bondo likamapindika, n'kumagwira ntchito ya mtsempha wa kumbuyo wolumikiza mafupa awiriwo umene dokotala amadula pa opaleshoni. Ku Oxford, dokotala John Goodfellow ndi injiniya John O'Connor anapanga bondo lomwe pulasitiki yake imayenda momasuka pakati pa zitsulo, ndipo linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1976. Patenti za nthawi imeneyo zinatha kale, choncho luso lonselo tsopano ndi la aliyense.

Zimene zatsala kwa wopempha wa lero ndi zinthu zazing'ono zomwe diso silingaone pachithunzi: kakhotedwe ka chitsulo cha ntchafu ndi mmene kamasinthira kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, malo enieni amene kamzati kamayambira kugwira kampingasa, kapangidwe ka chokolera chimene chimamanga pulasitiki pa kathireyi, kapena timabowo ting'onoting'ono ta pachitsulo tomwe fupa limameramo kuti bondo ligwire popanda simenti ya mafupa. Tisazipeputse chifukwa cha kuchepa kwake, pakuti kusiyana kwa mamilimita ochepa kungachititse kuti munthu atsike masitepe mosatekeseka kapena kuti azimva bondo likuterereka pansi pake.

Wounika amafunsa mafunso atatu. Loyamba n'lakuti, kodi chinthuchi n'chatsopano? Ngati chikalata chimodzi chakale chili ndi zonse zimene claim ikunena, pempholo lagwa pamenepo. Lachitatu, loti kodi chinthucho chingapangidwe n'kugwiritsidwa ntchito, silivuta kwenikweni pa bondo. Lachiwiri ndi limene limadya nthawi: kodi katswiri wamba wa ntchito imeneyi, atawerenga zonse zakale, sakanafika yekha pa ganizo lomweli? Tiyerekeze kuti chikalata china chakale chikusonyeza kamzati, china chikusonyeza pulasitiki yozungulira pa kathireyi, ndiyeno wopempha wangophatikiza ziwirizo. Wounika adzanena kuti kuphatikiza koteroko n'kwachidziwikire, pokhapokha wopemphayo atasonyeza kuti panali chifukwa chenicheni chimene chinkalepheretsa akatswiri kutero, kapena kuti zotsatira zake n'zosayembekezeka. Ofesi ya patenti ya ku Ulaya, yomwe likulu lake lili ku Munich, imayamba ndi kusankha chikalata chakale choyandikira kwambiri, n'kutchula vuto limene pempholo lathetsa, kenako n'kufunsa ngati katswiri akanalithetsa mwa njira yomweyo. Ku America, khoti lalikulu linagamula mu 2007, pa mlandu wa makampani a KSR ndi Teleflex, kuti kuphatikiza zinthu zodziwika m'njira yodziwika n'kupeza zotsatira zimene aliyense akanayembekezera nthawi zambiri sikuyenera patenti, ndipo ngakhale mlanduwo unali wa chopondera cha galimoto, chigamulocho chimakhudzanso mabondo.

Pamene ine ndimaona kuti wounika ayenera kuuma mtima ndi pa ma claims a manambala. Kampani ikanena kuti kakhotedwe ka chitsulo chake kali pakati pa muyeso wakuti ndi wakuti, n'zotheka kuti yatulukiradi malire amene pulasitiki imasiya kuperepeseka msanga, koma n'zothekanso kuti yangotchinga mpanda pamalo amene aliyense ankadutsapo kale. Chosiyanitsa ndi umboni, monga zotsatira za makina oyesera amene amapinda bondo maulendo mamiliyoni angapo motsatira muyezo wa ISO 14243. Wounika akakana, amalemba zifukwa zake, ndipo wopempha amayankha kapena kuchepetsa ma claims ake, koma saloledwa kuwonjezera luso limene silinali m'chikalata choyamba. Kulemberana kumeneku kumatenga zaka, ndipo patenti imene imatuluka pamapeto kawirikawiri imakhala yopapatiza kuposa imene inapemphedwa. Ngakhale itatuluka, ku Ulaya aliyense ali ndi miyezi 9 yoti aitsutse.

Ndine dokotala wa mafupa, ndipo ndapeza njira yanga yodulira fupa ndi yolinganizira mitsempha poika bondo. Kodi njira imeneyi ingapeze patenti?

Adokotala, yankho likudalira dziko. Pangano la patenti la ku Ulaya, pa gawo 53(c), limakana kupereka patenti pa njira zochitira opaleshoni kapena zochizira thupi la munthu, pofuna kuti dokotala asamaope mlandu pamene akuthandiza wodwala. Gawo lomwelo limanena momveka kuti zipangizo zogwiritsa ntchito pa njirazo zikhoza kupeza patenti. Choncho ngati mwapanga chida cholondolera macheka podula fupa, kapena choyezera kulimba kwa mitsempha, pemphani patenti ya chidacho, ndipo ma claims anu afotokoze mmene chidacho chilili, osati zimene manja anu amachita m'thupi la wodwala. Ku America njira ya opaleshoni ikhoza kupeza patenti, koma kuyambira mu 1996 lamulo linachepetsa kwambiri mphamvu ya mwini patenti yoteroyo yosumira dokotala amene waigwiritsa ntchito.

Chenjezo limodzi n'lofunika kwa inu amene mumakamba pamisonkhano ndi kulemba m'magazini. Mukaulula luso lanu musanapereke pempho, mawu anu omwewo amasanduka zodziwika kale. Ku America wotulukira amakhala ndi chaka chimodzi choti apereke pempho ataulula, koma ku Ulaya mwayi woterowo palibe, kupatula pa zochitika zochepa kwambiri. Mukapereka pempho m'dziko limodzi, pangano la ku Paris la 1883 limakupatsani miyezi 12 yoti mukapemphe m'maiko ena tsiku lanu loyamba likusungidwa, ndipo njira ya PCT, yopemphera patenti m'maiko ambiri ndi pempho limodzi, imene bungwe la WIPO loona za patenti padziko lonse ku Geneva limayendetsa, imatalikitsa nthawiyo kufika pa miyezi 30 m'maiko ambiri.

Mayi anga akuyembekezera opaleshoni ya bondo, ndipo pakabuku kamene tapatsidwa palembedwa kuti bondolo lili ndi patenti. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti linayesedwa ndipo ndi labwino kuposa ena?

Funso lanu ndalisunga kumapeto chifukwa ndi limene likundikhudza mtima kwambiri, ndipo ndikufunira mayi anu opaleshoni yabwino. Yankho ndi ayi. Wounika patenti amafunsa ngati chinthu chili chatsopano. Safunsa ngati chili chabwino kuposa chakale, ndipo saona wodwala ngakhale mmodzi. Bondo likhoza kukhala ndi patenti zambiri koma n'kuperepeseka msanga, pamene lina lomwe patenti yake inatha zaka zapitazo likutumikira anthu bwino lomwe. Komanso patenti imene yatchulidwa pakabukuko mwina ndi ya kachigawo kamodzi kokha, monga chokolera pulasitiki, osati ya bondo lonse.

Oyang'ana chitetezo cha odwala ndi mabungwe ena. Ku America ndi bungwe la FDA, ndipo mabondo ambiri amaloledwa kudzera m'njira yotchedwa 510(k), pamene kampani imasonyeza kuti chipangizo chake n'chofanana kwenikweni ndi china chimene chili kale pamsika. Taonani mmene zimakhalira: ku ofesi ya patenti kampani imanena kuti bondo lake n'losiyana ndi onse akale, ndipo ku bungwe la chitetezo imanena kuti n'lofanana ndi lakale. Palibe bodza pamenepa, chifukwa ofesi ina ikufunsa za kapangidwe pamene ina ikufunsa za ntchito ndi chitetezo, koma zikusonyeza kuti zikalata ziwirizi sizilowana m'malo. Ku Ulaya lamulo la 2017 la zipangizo za kuchipatala limaika mabondo ochita kupanga m'gulu la zipangizo zofunika kuunikidwa mokhwima kwambiri.

Umboni weniweni wa kulimba kwa bondo umachokera m'kaundula wa odwala amene amatsatiridwa kwa zaka zambiri. Dziko la Sweden linayamba kaundula wa maopaleshoni a bondo mu 1975, ndipo England ndi Wales anayamba wawo mu 2003. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2019, wogwiritsa ntchito makaundula oterewa, anapeza kuti pafupifupi mabondo 82 mwa 100 aliwonse osinthidwa onse athunthu amakhala akugwirabe ntchito pakatha zaka 25. Chiwerengero chimenechi n'cha mabondo amene anaikidwa kalekale, pakuti bondo lotulukiridwa posachedwa silingakhale ndi mbiri ya zaka 25 ngakhale kapangidwe kake katakhala kanzeru chotani.

Mukapitanso kukaonana ndi adokotala, afunseni dzina la bondo limene akufuna kuika, zaka zimene lakhala likugwiritsidwa ntchito, zimene makaundula akusonyeza za kuchuluka kwa odwala amene anafunika opaleshoni yachiwiri, ndiponso ngati iwowo analizolowera kuliika. Afunseninso chifukwa chimene asankhira mtundu umenewo poganizira msinkhu wa mayi anu, kulimba kwa mafupa awo ndi mmene mitsempha ya bondo lawo ilili.