Sukulu yokhozetsa ndi iti? Ndikuyankha mayi wa ku Mponela

Mayi wina wandilembera imelo. Wangosamukira kumene ku Mponela ndi mwana wa Sitandade 2, ndipo pafupi ndi kwawo pali sukulu ziwiri za boma. Anzake akumuuza kuti ina imakhozetsa, inayo ayi. Funso lake ndi lakuti: ndizisiyanitsa bwanji?

Mayi, m'tauni yaing'ono mbiri ya sukulu imapangika tsiku lomwe a MANEB atulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, aja a PSLCE. Mwana mmodzi akangosankhidwira ku Dedza Government kapena ku Lilongwe Girls, dzina la sukuluyo limamveka mpaka kuchigayo. Ndi chinthu chonyaditsa ndithu, koma mwana mmodzi si sukulu yonse.

Mukapita kwa ahedi, musangofunsa kuti anakhoza angati. Afunseninso kuti chaka chimenecho analemba angati, nanga pamene anawo anali mu Sitandade 7 m'kalasimo munali ana angati. Pali sukulu zina zimene zimabwereza ana ofooka mu 7 kuti chiwerengero cha okhoza chioneke chokongola. Kwina mupeza kuti amene anapita ku sukulu za nashonale ndi obwereza, olemba kachiwiri atakana sekondale yoyendera ya m'dera (CDSS) yomwe anawasankhira poyamba. Ine zimandipweteka, chifukwa mwana wosiyidwa mu 7 uja kawirikawiri amangosiya sukulu, ndipo pa pepala la zotsatira dzina lake simulipeza.

Komanso wanuyo ali mu Sitandade 2, mayeso akadali kutali. Chimene chikukukhudzani pano ndi makalasi a m'munsi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kumeneko ndiye kumadzadza. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo. Pitani m'mawa mkati mwa sabata, mukaime pazenera. Muone ngati buku limodzi akugwiritsa ntchito awiri kapena gulu lonse, ngati mphunzitsi akufika kwa okhala pansi kumbuyo kuja. Mukatero pemphani mwana wa Sitandade 3 wa pamudzi panupo, wa sukulu iliyonse mwa ziwirizo, akuwerengereni ndime ya Chichewa imene sanaionepo. Woloweza amathamanga pa tsamba lomwe analizolowera, mukamutsegulira lina amangoloza chala n'kukhala chete. Tsegulaninso kope lake muone tsiku lomaliza limene cholembera chofiira chinadutsamo.

Ngati sukulu ziwirizi zili mu zoni imodzi, a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'zoniyo) ku TDC (likulu la zoni komwe kuli ofesi yawo) amakhala ndi ziwerengero za zonse, ndipo kufunsa si mlandu.

Mukaona kuti sizikusiyana kwenikweni, ine ndingasankhe yapafupi. Mwana wa msinkhu umenewo asamadumphe msewu wa M1 m'mawa uliwonse chifukwa cha mbiri ya pamsika.