Makina aakulu kapena matumba a nshawa? Yankho kwa mayi wa ku Katete

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Katete. Dzina sinditchula, koma anandilola kuyankha poyera. Mwachidule akuti: "Ndakhala ndikupera chiponde kwa zaka ziwiri ndi kamakina kakang'ono kuseri kwa nyumba. Ndimagulitsa m'magolosale a pa boma ndi kwa aphunzitsi. Tsopano maoda achuluka ndipo ndikufuna kutenga ngongole ndikagule makina aakulu ku Lusaka. Koma amuna anga akuti ndalama za chiponde ndi za pakhomo, achibale nawo sasiya kupempha. Ndiyambire pati kuti bizinesi ikule?"

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Yankho langa mwina silikukomerani, koma ndikuuzani monga mnzanu amene anapsapo kale zala: makinawo musagule chaka chino. Ndalama iliyonse imene mungapeze, kaya ndi ya ngongole kaya ya chilimba, ikagule nshawa nthawi yokolola.

Ine makina anga aakulu ndinagula ndi mtima ngati wanuwu. Anafika kuno ku Chipata mu Okutobala, atayenda ulendo wonse wa Great East Road pa lole, anansi n'kubwera kudzaona. Anagwira ntchito bwino mpaka Disembala. Pofika Januwale ndinawafunditsa chitenje, chifukwa chopera panalibe. Ndalama zonse zinali zitalowa m'chitsulo, ndipo nshawa pamsika zinali zitakwera mtengo moti botolo lililonse ndikanaligulitsa moluza. Ngongole yokha ndiyo sinapume.

Inu mukudziwa mmene chaka chathu chimayendera kuno kum'mawa. Nshawa zimakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi. Mu Juni ndi Julayi alimi amafuna ndalama, masikelo a mavenda amakhala atapachikidwa pamtengo uliwonse, mtengo uli pansi. Mvula ikayandikira aliyense amafuna mbewu, ndipo kuyambira pamenepo mpaka Febuluwale nshawa zimasowa. Phindu la wopera chiponde limapangidwa m'miyezi iwiri ija yogula. Ndipo simugula nokha: COMACO, amene amapanga chiponde cha It's Wild kuno ku Chipata, amagula kwa alimi awo nthawi yomweyo, amalonda a ku Lusaka nawo amabwera ndi malole. Mukachedwa mupeza zotsala.

Pogulapo ndiye pali nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ikukhudza ana a anthu. Nshawa zikasungidwa zisanaume zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale mukazinge nshawa mpaka kupserera. Mukumbukira mu 2024 boma litachotsa ufa wina wa chimanga pamsika, agalu ambiri atafa? Anali poizoni yemweyu. Anthu ena amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, kapenanso kuti thumba lilemere pa sikelo. Zoterozo musagule ngakhale akutsitsireni mtengo. Ine ndimagula zamakoko. Ndimatapa dzanja limodzi pakati pa thumba, osati pamwamba, n'kugwedeza pafupi ndi khutu: zouma zimalira kuti tseketseke. Ndimasenda imodzi n'kuiluma; ikasweka kuti khwa, ndiyouma, koma ikangophwanyika ngati mbatata, thumbalo ndimalisiya. Matumba ndimawasanja pamatabwa, osakhudza pansi kapena khoma.

Mukabwera kwanga m'mawa mudzapeza amayi atatu atakhala pamphasa, aliyense lichero pamiyendo, akusankha imodziimodzi. Yofota, yosweka, yakuda, yobooledwa ndi tizilombo, zonse zimapita m'chidebe chapambali, ndipo sindilola kuti wina apite nazo kunyumba kukasinja nsinjiro. Ntchito imeneyi ndi yochedwa. Makina aakulu amatha kumeza m'maola ochepa zimene amayiwa asankha tsiku lonse, choncho mukagula makina musanaonjezere manja osankha, mudzayamba kuthira zosasankha kuti makina asaime. Ndi mmene chiponde chabwino chimaonongekera.

Chinanso chaching'ono: musasakanize mitundu. Chalimbana ndi yaikulu njere, yonunkhira bwino. MGV4, yofiira ija imene ku Malawi amaitcha CG7, ili ndi mafuta ambiri ndipo imapereka chiponde chofewa. Sankhani umodzi n'kukhala nawo. Mphunzitsi amene anakonda botolo la mwezi watha amafuna la mwezi uno likome chimodzimodzi.

Tsopano za pakhomo, zimene ndikuona kuti ndizo zikukupwetekani kwambiri. Amuna anu musawatenge ngati mdani. Munthu amene amaona ndalama zikulowa tsiku ndi tsiku, osaona za mabotolo, malebulo, makala ndi magetsi, amaganiza kuti zonsezo ndi phindu. Kwathu mkangano umenewu unatha tsiku limene ndinakhala pansi ndi bambo a kunyumba, kope lili pakati pathu, n'kuwerenga limodzi mtengo wa botolo limodzi kuyambira ku thumba la nshawa mpaka ku chivindikiro. Ataona kuti chotsala n'chochepa bwanji, anakhala chete, kenaka anafunsa kuti, "Nanga ndiye tizitengapo zingati?" Tinagwirizana kuti ndizidzilipira malipiro pakutha pa mwezi ngati wantchito wina aliyense. Malipirowo ndiwo a pakhomo. Ndiwo, sopo, chopereka cha kutchalitchi, chipepeso cha pamaliro, mlamu akabwera ndi vuto, zonse zimachokera pamenepo. Zikatha zatha. Kukana m'bale kumawawa, ndikudziwa, ndipo ena adzakunenani kuti mwayamba kunyada. Komabe n'kosavuta kunena kuti "malipiro anga atha" kusiyana ndi kufotokoza chifukwa chake simungatsegule thumba la nshawa.

Kuti zimenezi zitheke bizinesi ikhale ndi dzina lake ndi thumba lake. Lembetsani dzina ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho yotchedwa TPIN ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi. Nambala ya Airtel Money kapena MTN imene makasitomala amatumizirako ndalama isakhale yomwe mumagulira ana mabando. Ku khonsolo mukafunse za chilolezo cha zaumoyo, ndipo aliyense wogwira chakudya akayezetse kuchipatala n'kutenga setifiketi. Chiponde chanu mukachiyezetse ku ZABS, bungwe loyeza ubwino wa katundu. Lebulo ikhale ndi dzina, malo, zimene zili m'botolo, tsiku lopangira ndi tsiku lothera. Mashopu aakulu sadzakulandirani popanda zimenezi.

Koma mashopu aakuluwo musawathamangire. Shopu ina inatenga makatoni anga ndi kumwetulira, n'kundisunga miyezi iwiri yathunthu ndikuyendera ndalama zanga, pomwe antchito akudikira malipiro. Golosale ya pa Katete imene imalipira pompo katoni imodzi imakudyetsani kuposa shelefu yokongola ya ngongole. Mukamapereka pa ngongole, lembani tsiku lolipira, asainire, ndipo musaonjezere katundu wina woyamba asanalipiridwe. Musaiwalenso kuti Kulamba amachitikira pakhomo panu pomwepo, ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, ndipo kumabwera Achewa ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique komwe. Tebulo limodzi ndi mabotolo ang'onoang'ono okhala ndi nambala yanu ya foni likhoza kukupezerani makasitomala a chaka chonse.

Za ngongole: kaloba musayandikire n'komwe. Ya village banking imathandiza pogula mabotolo, koma nthawi yobwezera ndi yaifupi, siyenera kugulira makina. Funsani ku CEEC, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi, komanso ku ofesi ya khonsolo za CDF, ndalama ya chitukuko cha m'madera, imene mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina ndi la magulu a amayi ndi achinyamata. Mapepala amatenga nthawi, choncho yambani msanga kuti ndalama ikupezeni nshawa zikadali zotsika mtengo.

Nanga makinawo adzagulidwa liti? Tsiku limene mudzakhale ndi nshawa zokwanira kufika kukolola kwina, kamakina kanu kakugwira m'mawa ndi madzulo ndi anthu awiri osinthana, koma maoda akutsalabe. Ngakhale pamenepo mudzafunse kaye mafunso. Ambiri mwa makina aakulu amafuna magetsi amphamvu otchedwa three phase, amene m'nyumba zathu zambiri mulibe. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba magetsi ankazima maola 17 kapena kupitirira pa tsiku, ndipo ife tinkapera pakati pa usiku. Jenereta yoyendetsa makina aakulu ndi ndalama inanso. Mufunsenso kuti miyala yoperera ikatha mudzaipeza kuti, ndiponso ngati pa Katete pali mmisiri wodziwa kuwakonza. Mbali zonse zokhudza chakudya zikhale za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri.

Amayi, ndilembereninso sabata ino ndi manambala atatu: matumba angati amene mumapera pa mwezi, botolo limodzi limakudyerani zingati mukawerengera zonse mpaka thukuta lanu, ndi ndalama zingati zimene zili m'manja mwa anthu amene sanakulipireni. Tidzawerengera limodzi matumba oti mugule mu Juni. Ndipo mukamabwera ku Chipata mudzanditengere botolo limodzi, ndilaweko.