Mwana akufuna kuimba opera, mayi akufuna unamwino

Mayi wina wa ku Rosettenville, ku Joni (Johannesburg) m'dziko la South Africa, watifunsa za mwana wake wamkazi wa zaka 16, yemwe amatsogolera kwaya ya achinyamata kutchalitchi. Mtsikanayu wamenyetsa nkhwangwa pamwala kuti adzaimba opera (sewero limene mawu ake amachita kuimbidwa) basi, pomwe mayi ake akumufunira unamwino. Funso lawo ndi lakuti, kodi kuimba kungamudyetse munthu?

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma musamuletse. Pretty Yende, woimba opera wotchuka, anabadwa mu 1985 ku Piet Retief, m'chigawo cha Mpumalanga, ndipo opera anayamba kuimva ali ndi zaka ngati za mwana wanuyo, pa TV, m'chilengezo cha British Airways. Anakaphunzira ku University of Cape Town (UCT), kenako ku sukulu ya nyumba ya opera ya La Scala ku Milan, ku Italy. Mu 2011 anapambana mpikisano wa oimba opera wa Operalia, mu 2013 anaimba koyamba ku Metropolitan Opera ku New York, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo woveka ufumu Charles III wa ku Britain. Tawerengani zaka zimene zinadutsa pakatipo. Zaka pafupifupi khumi zoyambirira anali pasukulu.

Apa ndi pamene ana ambiri amadzinamiza, poganiza kuti mawu okoma ndi okwanira. Woimba soprano amaimba popanda maikolofoni, kumbuyo kwa gulu lalikulu la oimba zida, koma mawu ake ayenera kukafika kwa munthu wa pampando wotsiriza. Zimenezi zimachokera m'kapumidwe, ndipo zimatenga zaka kuti thupi lizolowere. Amaloweza sewero lonse m'Chitaliyana, Chijeremani kapena Chifalansa. Mawu enieni amakhwima mochedwa, munthu akuyandikira zaka 30, n'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva mtsikana wamng'ono akukakamizidwa kukuwa nyimbo zolemera pa mpikisano wa makwaya mpaka kusasa mawu. Mmera mpoyamba.

Ndiye muyambe ndi chiyani? Adziwe kuwerenga manotsi a staff (olembedwa pa mizere isanu), chifukwa sol-fa ya kukwaya yokha simufikitsa patali. Mupezereni mphunzitsi wa mawu amene angamukonzekeretse mayeso a nyimbo a yunivesite ya UNISA, ndipo aphunzireko piyano pang'ono. Matric, mayeso otsiriza a sekondale a Grade 12, asaiseweretse. Tshwane University of Technology ku Pretoria komanso UCT amaphunzitsa opera, ndipo konseko amafuna kuti munthu akhoze bwino, kenako akaimbe pamaso pa aphunzitsi asanamutenge.

Chimene chimagwetsa ana athu ambiri a ku Joni ndi mapepala. Kubadwira kuno pakokha sikumupanga mwana kukhala nzika, ndipo NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira a m'makoleji, siithandiza wophunzira amene ali pa study visa. Onani lero lomwe kuti mwana wanu ali ndi mapepala anji, osadikira kuti afike Grade 12.

Za ndalama ndisakubiseni. Ntchito zokhazikika za opera m'dziko muno ndi zochepa kwambiri, ndipo ambiri amene zawayendera anachita kupita ku Ulaya. Enawo amadya za kuphunzitsa nyimbo, kuyendetsa makwaya ndi kuimba pa zochitika. Ndi ntchito zaulemu ndithu, koma mwanayo azidziwe akadali wamng'ono.

Gwirizanani naye chonchi: asasiye Life Sciences ndi masamu, kuti khomo la unamwino lisatsekeke, inunso mumulipirire mphunzitsi wa mawu chaka chimodzi. Chikatha chakacho, mphunzitsiyo akuuzeni mosapsatira ngati mawuwo ndi oti n'kupita nawo patsogolo.