Polumikiza Matumbo Padontha: Kodi Adzalumikizanso?

Funso: Bambo anga anawadula matumbo, koma polumikizapo panadontha. Atawachitanso opaleshoni, chimbudzi chikutulukira pamimba m'kathumba. Kodi adzawalumikizanso? — Wowerenga, Angónia

Yankho: Pepani ndi matendawa. Msoko wa matumbo umadontha pamalopo pakamafika magazi ochepa, ukakokeka, kapena thupi likaperewera zakudya. Kathumbako kamapatsa matumbo mpata wopola. Ambiri amalumikizidwanso pakatha miyezi 3 mpaka 6, koma ena amakhala nako mpaka kale, makamaka amene anadulidwa pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Opaleshoni yobwereza imavuta chifukwa matumbo amakhala atamatirirana ndi zipsera.

Panopa bambowo azidya mazira ndi nsomba, fodya asiyiretu. M'nyengo yotentha, chimbudzi chamadzi chimaumitsa thupi msanga, choncho azimwa ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi. Akadzalumikizidwa, m'sabata yoyamba muziwayang'anitsitsa: thupi likatentha, mtima ukamagunda msanga kapena mimba ikatupa, uzani adokotala pompo.