Makhololo sanaonetse TB, koma mimba ikutupabe

Achemwali, mwati achimwene anu atha miyezi itatu mimba ikutupa, akuonda, usiku thukuta likuchita kunyowetsa zofunda, koma atayezetsa makhololo anauzidwa kuti alibe TB. Chonde musakhutire ndi yankho limenelo. Makhololo amaonetsa za m'mapapo basi. TB imathanso kukhala m'matumbo kapena m'kachikopa kokuta zam'mimba, munthu osatsokomola n'komwe.

Bwererani nawo kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, mutatenga buku lawo la kuchipatala, mukafotokoze zonse kuyambira tsiku limene zinayamba. Mukapemphe sikani ya pamimba. Imeneyi imaonetsa ngati muli madzi, ngati muli anabele otupa, komanso timadontho ta m'kapamba timene timapezeka kawirikawiri mwa odwala TB. Madzi akapezeka, adokotala amapopako pang'ono ndi jakisoni kuti akapimidwe. Musaope, n'zosachedwa.

Apa ndiye mundimvetse bwino. M'madzi amenewa tizilombo ta TB timakhala tochepa kwambiri, moti makina oyezera TB otchedwa GeneXpert akhoza osatipeza ngakhale matenda alipo. N'chifukwa chake adokotala amaphatikiza zizindikiro, sikani, maonekedwe a madziwo ndi X-ray ya pachifuwa asanagamule. Zikavutabe amatumiza wodwala ku Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, komwe angadule kanyama kochepa n'kukakapima.

Ayezetsenso HIV, ngakhale atakhala kuti anayezetsa chaka chatha. Ndikudziwa kuti nkhaniyi imavuta kuyamba ndi achimwene, koma kwa amene ali ndi kachilombo ndipo chitetezo chatsika, pali kuyeza TB mumkodzo kotchedwa LAM, zotsatira zake zimatuluka tsiku lomwelo.

Mimba yotupa imabweranso ndi matenda a chiwindi, likodzo la m'matumbo, mtima kapena khansa, ndiye musawagulire mankhwala pagolosale kapena kuwatemera mphini poyembekezera. Ikapezekadi TB, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amamwa kwa miyezi yosachepera 6 osadumphitsa. Mkodzo umafiira chifukwa cha rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB amenewa, zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Koma akayamba kusanza kosalekeza, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, mimba n'kuuma gwa, musadikire kuti kuche. Matumbo akhoza kukhala atatsekeka, thamangani nawo usiku womwewo.