Mbiri ya bambo anu sinathere pa kapepala kaja

Achemwali ena a ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu andilembera imelo sabata yatha. Akuti bambo awo anaikidwa ku Zolozolo mwezi wa June ndipo mbiri yawo inawerengedwa mphindi ziwiri zokha, anabadwa chaka chakuti, anali dalaivala zaka 30, asiya ana asanu, basi. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi moyo wonse wa munthu ndi umenewu? Ine nditani kuti ndisadzaiwalike chonchi?"

Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akutonthozeni. Funso lanu landikhudza chifukwa nanenso mayi anga anapita ndipo kapepala ka mbiri ndinalemba ndine, usiku, maso ali ofiira, abale akundifulumizitsa kuti abusa akufuna zachidule. Zimene ndinalemba zinali zoona koma sanali mayi anga ayi. Mayi anga ndinakawamva ku siwa, cha m'ma 2 koloko usiku kuzizira kwa Mzuzu kuja kutafika povuta, amayi a Umanyano (gulu la amayi a mpingo wa CCAP) atatopa kuimba, mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe anayamba kufotokoza kuti mwana wake anamaliza Fomu 4 chifukwa mayi anga ankamulipirira fizi ndi ndalama za mandasi, ndipo ife ana awo m'nyumba momwemo sitinkadziwa kalikonse. Ndinalira kuposa pa manda.

Za dzina lotchuka, taganizani izi. Tonsefe a mu Mzuzu timadutsa mu msewu wa Orton Chirwa Avenue tsiku ndi tsiku. Bambo amenewo anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anakhala nduna ya zachilungamo, anagwidwa pamodzi ndi akazi awo a Vera mu 1981 ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992. Koma imitsani anyamata a kabaza angapo mufunse kuti anali ndani, ambiri angokuuzani kuti ndi msewu wa m'tauni. Ngati munthu amene anavutikira dziko chonchi dzina lake lasanduka chizindikiro cha msewu, ine ndi inu tikamalimbana ndi kutchuka tidzangotopa pachabe.

Ndiye musadzizunze ndi zoti mudzakumbukiridwa bwanji, zimenezo si inu mudzasankhe. Chimene chili m'manja mwanu ndi mwana wa mlongo wanu amene wakhala pakhomo temu ino, ndi agogo a nyumba yoyandikana nayo amene palibe amawatungira madzi mipopi ikauma.

Koma za bambo anu, ndikupemphani chinthu chimodzi. Dalaivala wa zaka 30 wanyamula anthu ambiri zedi, odwala, ana asukulu opanda thiransipoti, amayi a katundu wa kumsika. Musanamange chiliza pitani ku depoti mukapeze anzawo akale aja, muwagulire tiyi, muyatse foni yanu ijambule, muwafunse kuti bambo anali munthu wotani pamsewu. Zimene akakuuzeni mukawerengere azing'ono anu tsiku lovumbula chiliza, ndipo tsiku limenelo pasapezeke wokufulumizitsani.